Mwatenga Mtondo, Mwasiya Nyimbo

Lachinayi lapitali, pa msonkhano wa gulu lathu la alembi, mnyamata wina wa chaka chachitatu adatiwerengera ndakatulo yotamanda amayi ake. Dzina lake sinditchula, pakuti mlandu si wake yekha, ndiponso ndakatuloyo idali yosalala kuposa zambiri zomwe timamva muno. Mudali zonse zimene tidazolowera: mtondo ndi munsi, dzuwa likulowa kuseri kwa phiri, utsi ukukwera mwaulemu pamwamba pa denga la udzu, mwana ali kumsana, ndipo mayiyo akumwetulira. Mayi wa m'ndakatulo zathu saleka kumwetulira. Tidaomba m'manja. Kenaka akuluakulu ena adalimbana kwa theka la ola pofuna kudziwa ngati utsiwo ukuimira mizimu ya makolo kapena ufulu wa dziko, ine maso ali pa wotchi. Itangodutsa 5 koloko ndidanyamuka mwakachetechete, ndipo ndili pakhomo ndidamva a wapampando akufunsa, mopanda chipongwe ndithu, kuti kodi nchifukwa ninji akazi m'gulu lino ndi owerengeka, ndipo ochepa omwe amabwerawo amathawa zokambirana zisanathe.

Funsolo ndidalimva, koma mpata woyankha ndidalibe. Ndiyankha pano. Ndimathawa, a wapampando, chifukwa ndimathamangira kukakhala mayi wa m'ndakatulo uja. Utsi umene inu mumatsala mukuumasulira, ine ndimakaupuma.

Lekani ndikufotokozereni nthawi imeneyo, poti ndaona kuti ambiri a inu mumaidziwira pampando, mutasamba kale m'manja. Ana ndili nawo atatu: wamkulu ali sitandade 6, wachiwiri sitandade 2, wamng'ono wangoyamba kumene kukwawa. Ndikatsika kabaza ku Matawale ndimadzera kwa mayi wina woyandikana naye nyumba, amene amandisungira wamng'onoyo masana. Ndisanatule nkomwe mabuku, mwanayo wayamba kale kufuna bere, ndipo ndimamuyamwitsa ndili chiimire, dzanja linali likufunafuna machesi. Makala a nyengo ya mvula ndi onyowa, ndiponso ogulitsa amaika abwino pamwamba pa thumba, pansi nkudzaza fumbi ndi zikuni zosapsa. Mbaula ndi imodzi. Mau amenewa muwamvetse bwino: mbaula ndi imodzi. Ndiye kuti zonse ziyenera kuima pamzere, ndipo wokonza mzerewo ndine. Ndiwo ziyambe, chifukwa nsima ikayamba idzazizira. Madzi osamba ana alowe pakati. Phala la wakhanda lipeze malo ake. Ndipo makala asathe nsima isanapse. Ngati ndiwo ndi nyemba, nkhondoyo idayamba m'mamawa ndisanapite m'kalasi, pakuti nyemba zouma zimakhala pamoto maola awiri kapena atatu, ndipo zimadya makala ngati zili ndi mkwiyo.

Tsono pali mphindi zina zimene alakatuli simudaziimbepo. Phala likawira mokwanira, uyamba kuthira ufa ndi kuvundula, ndipo kuyambira pamenepo mpaka kuomola, manja onse awiri ndi a nsima: lina lagwira mphika ndi kansanza, lina mthiko. Ukangosiya, pansi papserera pamwamba pali paiwisi. Ana zimenezi amazidziwa. Mphindi zomwezo ndi pamene wachiwiri amabwera akulira kuti mnzake wamlanda mpira wachikulunga, wamkulu nabwera ndi kope kudzafunsa kuti 3/4 kuphatikiza 2/3 nchiyani, ndipo wakhanda, amene ndamtsitsa kumsana poopa kuti phala lodumpha mumphika lingamuwotche, amayamba ulendo wake wolunjika ku mbaula. Ndimamtchinga ndi phazi. Masamu ndimayankha ndi pakamwa. Mlandu wa mpira ndimaweruza ndi diso. Ziwalo zatha pamenepa. Watsala ndi mutu, ndipo mutuwo ukuwerenga matemba.

Inde, ukuwerenga, pakuti ndiwo sizigawidwa mwachisawawa. Mu Novembala 2023 kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. A zachuma adalemba mapepala, ndipo ena a inu mudakhoza nayo mayeso nkhaniyo. Koma munthu amene adaimasulira 44 peresentiyo kuti ilowe mumphika ndi mayi. Matimati atatu adasanduka limodzi. Mafuta a m'botolo adasanduka a m'kapulasitiki kogula madzulo aliwonse. Mulu wa matemba a ku Chilwa udatambasulidwa ndi nkhwani ndi msuzi kuti ufike kwa anthu asanu, ndipo zonsezi zidachitika mwa luso loti ana asazindikire kuti china chasintha. Nduna ya zachuma imawerenga ndondomeko yake kamodzi pa chaka, aphungu nkumaomba matebulo. Ife timawerenga yathu tsiku ndi tsiku, ndipo ikapanda kukwana palibe kokapempha ngongole koposa kwa mayi wa pa okala.

Bambo a ana anga ndi munthu wabwino, ndipo ndinene zimenezi kuti wina asakawanamizire. Samwa, samenya, ndipo malipiro amafika nawo kunyumba. Amalowa 7 koloko, napereka moni, nafunsa funso lawo limodzi lija: "Zapsa?" Nsima ikafika, ntchito ina iyamba. Wina achotseredwe minga, wina akakamizidwe masamba, wakhanda alandire phala supuni imodziimodzi uku akulavula theka lake. Ine ndimadya ndi dzanja limodzi, nsima itauma kale pamwamba. Zikatha apo kuli mbale, kuli mayunifolomu a mawa, kuli kuviika nyemba. Mabuku a maphunziro ndimawatsekula 10 koloko ikuyandikira. Mukumbuka ndakatulo yanga ija mudati ndime ziwiri zoyamba nzamphamvu koma yachitatu njofooka? Mudanena zoona. Yachitatuyo ndidailemba pakati pa usiku, mutu ukugwera pa tebulo.

Komatu ine ndine wamwayi. Mpopi uli pabwalo, chigayo chili pafupi. Amayi anga kwathu ku Jali, nsima ya madzulo ano adayamba kuiphika sabata yatha. Chimanga achitonole, achikonole mumtondo ngati ndalama yokonoletsa kuchigayo palibe, apete ndi lichero kuchotsa gaga, aviike mphale m'madzi masiku awiri kapena atatu, aitsuke, aiyanike pamphasa uku akuingitsa nkhuku ndi mbuzi, aisenze kupita nayo kuchigayo, abwere adzayanikenso ufawo. Ndiye ufa woyera umene mumauyerekeza ndi mitambo uja. Madzi a ntchito yonseyi achokera kumjigo, ndowa imodziimodzi, ndipo ndowa ya malita 20 ndi makilogalamu 20 pakhosi pa munthu. Za nkhuni sindikuuzani, poti mumaziona nokha. Inu amene Loweruka mumakwera phiri la Zomba kukafuna mzimu wa ndakatulo ku dzenje la Chingwe, mumakumana nawo amayi akutsika ndi mitolo yaitali kuposa iwo eni. Mumawapatukira njira mwaulemu, nkubwera kuno kudzatiuza kuti mwaona mizati ya Afrika. Mzati sumva msana.

Tili ana, abambo ndi alongo anga ankadya paokha, ndipo mbale yawo ndiyo inkayamba kuomoledwa. Kukaphedwa nkhuku, nthutumba inkadziwa yokha kopita. Amayi ankadya ndi ife atsikana kukhitchini. Mu Febuluwale 2002, njala itafika poipa, chakudya chikuoneka kamodzi pa tsiku, ndimakumbukira amayi akutikankhira mbale nkumati, "Idyani inu, ine ndalawa kale pophika." Bodza limenelo ndidalikhulupirira zaka zambiri, mpaka tsiku lina ndidadzimva ndikulinena ndekha kwa ana anga, mau omwewo, ngakhale kamvekedwe komweko. Mwina kumwetulira kumene alakatuli mudaona ndi kumeneko. Mudaonadi, koma simudafunse chimene chidali kuseri kwake.

Nanga utsi uja? Kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja oposa 9 mwa 10 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, WHO, lidawerengera kuti mu 2020 utsi wa m'nyumba udapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni pa dziko lapansi. Utsi wa m'kakhitchini kopanda zenera sukwera mwaulemu ayi. Umalowa m'maso mwa wophika ndi m'chifuwa cha mwana ali kumsana. Ofufuza ena adagawa mbaula zamakono zosafuka kwambiri m'midzi ya ku Chikwawa ndi ku Chilumba, natsatira ana oposa 10,000 kuti aone ngati chibayo chichepe. Zotsatira zidatuluka mu 2016: chibayo sichidachepe, koma ana opsa ndi moto adachepa. Gawo lachiwirilo lidandigwira mtima, chifukwa mlongo wanga wamng'ono ali ndi chipsera kuyambira pantchafu mpaka pabondo. Adagubuduza mphika wa phala ali wokwawa, amayi atangotembenuka kuti atape ufa m'lichero. Abambo adali pa bawo pansi pa mtengo wa mango, mtunda woti munthu nkumva fungo la ndiwo. Mudzi wonse udagamula tsiku lomwelo kuti mkaziyo ngosasamala, ndipo amayi adavomera chigamulocho. Mpaka lero akaona chipseracho amayang'ana kumbali.

Koma chimene chimandiwawa koposa, ngati mlembi, ndi ichi. Mayi wa pamtondo sadali wosalankhula. Pamtondo ndi pamene amayi ankapekera nyimbo, ndipo nyimbozo sizidali zotamanda kulowa kwa dzuwa. Zidali zodzudzula mwamuna waulesi, mwamuna wothera ndalama ku mowa, wamitala wokondera, apongozi olowerera, mkazi mnzawo wakaduka. Ankaziimba mokweza, munsi ukugunda, kuti mwini nkhani ali pakhonde amve bwinobwino, podziwa kuti nyimbo saizengera mlandu. Timanyadira, ndipo nkoyenera, alembi a m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 amene ankaphiphiritsa mau kuti azembe bungwe lounika mabuku lija lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1968. Koma luso lonena zoona pamaso pa wamphamvu popanda kugwidwa, agogo athu aakazi adali nalo kalekale, ndipo wamphamvu wawoyo ankagona naye nyumba imodzi.

Megan Vaughan, amene adaphunzitsako mbiri yakale kuno ku Zomba, polemba buku lake la 1987 lonena za njala ya 1949 m'boma la Blantyre, lotchedwa The Story of an African Famine, adapita kwa amayi nakamvetsera nyimbo zawo za pamtondo. Zimene adapezamo sizidali zofanana ndi za m'malipoti a atsamunda. Amayiwo ankachikumbukira chakacho ngati chaka chimene amuna adachoka kuti akukasaka chakudya, ena osabwereranso, akazi nkutsala okha ndi ana. Mlendo adadziwa kuti pamtondo pali mbiri. Ife eni, tabwera ndi maphunziro athu, tatenga mtondo chifukwa umakongoletsa ndime, tatenga munsi chifukwa umatipatsa kugunda kwa mau, nyimbo nkuisiya pomwepo. Munthu amene adali wolusa, wanthabwala, wotukwana pofunika kutukwana, tamsandutsa chithunzi cha pa kalendala.

Kutamanda kwa mtundu umenewu si kwachilendo m'dziko muno. Dr. Kamuzu Banda ankadzitcha Nkhoswe Nambala Wani, ndipo amayi, mbumba zake, ankatengedwa pa malole kukavina pa misonkhano atavala nsalu za nkhope yake. Kafunseni agogo anu kuti masiku oyeserera magule aja ana ankawaphikira ndani. Ulamuliro umenewo udatha mu 1994, koma malole sadapume. Nsalu zokha ndizo zidasintha mitundu. Ndipo chaka chilichonse pa 15 Okutobala tili ndi Tsiku la Anakubala, tchuthi cha dziko lonse. Timagula chitenje, nkukwera basi ndi ana athu ndi anzathu kupita kumudzi kukalemekeza amayi. Nanga khamu lonselo amaliphikira ndani? Chaka chatha ndidawerenga: amayi anga adavundula miphika itatu ya nsima pa tsiku lawo lopuma, atavala chitenje chatsopanocho. Ine ndi ang'ono anga tidali nawo kukhitchini. Alongo anga adawaitana kawiri kuti atuluke, apukute thukuta, ajambulitse nawo chithunzi choika pa Facebook, pansi pake nkulemba kuti mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo.

Ndikudziwa chimene muyankhe. Muti ndi mwambo. Muti mwamuna salowa kukhitchini, ndipo wolowako wadyetsedwa khuzumule. Chabwino, tiyeni tiuone mwambowo. Ophika m'nyumba za atsamunda, pamene Zomba idali likulu la boma lawo, adali amuna. Agogo athu amene adapita ku migodi ya ku Joni ndi Wenela, ndi ena amene adakagwira ntchito ku Salisbury, sadafe ndi njala chifukwa chosowa mkazi. Asodzi a pa nyanja ya Chilwa amakhala pa zimbowera nthawi yaitali akudziphikira nsima yolimba bwino. Okazinga tchipisi pa chiwaya ku depoti ndi anyamata. M'mahotela a ku Blantyre ndi ku Mangochi ovala chipewa choyera chachitali ambiri ndi amuna, ndipo kumudzi kwawo amawapatsa ulemu. Inu nomwe ku Chikanda ndakuonani mukuvundula nsima ndi kukazinga nyama ya soya, wina mpaka kudzitama kuti thelere lake palibe angalipose. Mwambo umenewu ngodabwitsa: pamene pali malipiro umagona, pamene palibe mkazi umagonanso, koma tsiku la ukwati umadzuka ndi mphamvu zake zonse.

Ndiponso mwambo womwewo sudamsiye mwamuna pampando. Ankaswa mphanje, ankaluka nkhokwe, ankafolera nyumba, ankasema mipini, ankapita kuuzimba. M'nyumba ya lendi ya malata mulibe chofolera, ndipo nkhokwe yathu ndi thumba la makilogalamu 50 lili kuseri kwa chitseko. Ntchito za mwamuna tauni idazimeza, za mkazi idazisiya zonse, nkumuonjezera ina ya ku ofesi kapena ya kumsika. Kumudzi kudalinso chidyerano: mabanja apachibale ankasonkhanitsa mbale zawo nkudyera pamodzi, amuna kwaokha, akazi ndi ana kwaokha, kotero kuti mayi akadwala kapena ndiwo zikamthera, ana ake ankadyabe. Wovundula nsima adali ndi agogo, azakhali ndi achemwali oti amgwirire mwana. Zimenezo tidazisiya tsiku limene tidakwera basi ya ku tauni, ndipo sindidamvepo wina wa inu akuzilirira m'ndakatulo. Pa mwambo wonse mwasungapo gawo limodzi lokha, lija lokomera munthu wodikira madzi osamba m'manja.

Aphunzitsi athu musaseke, pakuti ndikubwera kwanu. Kwanu kuli chitofu cha magetsi ndi firiji, ndipo amayi a m'nyumbamo nawonso ali ndi madigiri, mwina amaphunzitsa nanu limodzi. Komabe nsima imafika pa tebulo pa nthawi yake. Waphika ndani? M'nyumba zambiri muli kamtsikana ka zaka 14 kapena 15 kochokera kumudzi, kamene alendo akabwera mumati ndi mwana wa achemwali. Kamadzuka anthu onse ali mtulo, kamagona onse atagona, ndipo sukulu ya pulayimale, imene yakhala yaulere kuyambira 1994, kamangoiona pokaperekeza ana anu. Si nonse ayi, ndipo ena mumawaphunzitsa anawa mpaka kumaliza. Koma amene ndikunena akudzidziwa. Mtolo sudatulidwe. Udangochoka pamutu pa mayi wophunzira nkukhala pamutu pa mwana wa mayi wosaphunzira, kuti bambo ndi mayi apeze nthawi yolemba pepala lonena za ufulu wa amayi, lokawerenga ku msonkhano wa kunyanja.

Ife amayi nafenso tili ndi mbali yathu, ndipo ndiyamba ndi ine ndemwe. Wamkulu wanga uja ndi mtsikana, wachiwiri ndi mnyamata. Mwezi watha ndidadzigwira ndekha ndikumuuza mtsikanayo kuti atseke kope la masamu akatsuke mbale, pamene mlongo wake adali chigonere pamphasa akusewera ndi galimoto la mawaya. Ndidati ngwamng'ono. Koma ine pa msinkhu wakewo ndidali nditayamba kale kusenza kandowa. Ndife tomwe timampirikitsa mnyamata akayandikira mafuwa, ndife timamseka mpongozi wamwamuna akagwira mthiko, ndife timaimirira pa zilangizo za ukwati nkumauza mtsikana wa digiri kuti mwamuna mpamimba. Mnyamata wa ndakatulo uja sadadzilere yekha. Alipo amene ankamuuza kuti, "Khalani apo, bambo, ziphikidwa."

Musandimve molakwa. Sindikudana nacho chakudya cha madzulo. Pa tsiku lonse, ndi nthawi yokhayo imene tonse asanu timakhala pamodzi popanda wothamangira kwina. Ndi pa mbale ya nsima pamene ndidadziwira kuti mnyamata wanga akulandidwa chimanga chokazinga ndi ana akuluakulu kusukulu, masana sakadanena. Ndi pomwepo pamene mwana amaphunzira kudikira, kusatambasulira dzanja ku nthuli yaikulu, kusiyirako mnzake amene sadafike. Magetsi akathima, wina amayamba kuti "Padangokhala," tonse nkuyankha "Tili tonse," ndipo nthano zimene ndidamva ku Jali zimapeza makutu atsopano ku Matawale. Ndiponso pali za moyo weniweni. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 m'dziko muno adali opinimbira. Nkhondo imeneyo simenyedwa m'maofesi okha. Imamenyedwa pa kambale ka phala, ngati mwathiridwa nsinjiro kapena ayi, ngati pali munthu wodekha woti amnyengerere mwana mpaka supuni yomaliza. Ndiye ntchito yolemera chotero, ya sukulu, ya chipatala ndi ya bwalo la milandu pa nthawi imodzi, taikankhira kwa munthu mmodzi, pa ola limene watopetsetsa, ife nkumamlipira ndi ndakatulo.

Tsono ndikupempha ziwiri. Choyamba ncha kwa alembi. Ngati mufuna kulemba za amayi anu, bwererani kumudzi tchuthi chikubwerachi mukakhale kukhitchini kuyambira pokoleza moto mpaka pokanda nkhoko mumphika, maso akulira ndi utsi, ndipo mukamvetsere. Mukamve zimene amanena nkhuni zikakana kuyaka. Mukaone mmene amagawira nyama, ndi amene amatsala ndi khosi. Muwafunse nyimbo zimene ankaimba pamtondo, ngakhale zina zikhale zonena abambo anu. Mutibweretsere mayi wokwiya, mayi wowerenga makobiri, mayi wonama kuti wadya, mayi wodana ndi kuphika nyemba, mayi amene adafuna kukhala namwino. Ndipo m'ndakatuloyo mudziikemo inunso, pamalo pomwe mudali: pakhonde, mukudikira. Mukatero mudzaona kuti ndime zanu zasiya kusalala, ndipo ine ndidzakhala woyamba kuomba m'manja.

Chachiwiri ncha kwa a wapampando. Msonkhano wathu umagwa pa ola la nsima. Amene adasankha nthawi imeneyo sadaganize zoipa. Adangosankha nthawi imene iwo amakhala omasuka, ndipo amakhala omasuka chifukwa kwina kwake wina wagwira mthiko. Ndikudziwa akazi atatu pano, awiri ophunzira ndi mmodzi wogwira ntchito ku laibulale, amene ali ndi makope odzaza ndi zolemba ndipo sadapondepo pa msonkhano wathu chifukwa chomwechi. Usunthireni Loweruka 2 koloko masana, ndipo wobwera ndi mwana asayang'anidwe ngati wabwera ndi mbuzi m'tchalitchi.

Pamene mukuganizira pempholi, msonkhano wa Lachinayi likudzali ndauitanira kwathu ku Matawale. Bambo a ana ndawauza kale. Adakhala chete nthawi yaitali, kenaka adafunsa ngati iwonso adzayenera kuphika, ndipo ndidati awo ndi madzi osamba ana. Mnzathu wa ndakatulo uja adzavundula nsima ya anthu onse, mwana wanga atamanga kumsana ndi chitenje changa cha pa Tsiku la Anakubala. Akuluakulu aja adalimbana za utsi adzakoleza mbaula. Ine ndidzakhala pampando, nditasamba m'manja, ndikuwerenga ndime yachitatu imene ndailembanso. Ufa ulipo. Makala mubwere nawo, ndipo musagule a pamwamba pa thumba okha osapisa dzanja pansi. Mbale ndili nazo zisanu ndi imodzi, choncho aliyense atenge yake.